Kucokera pa Macila Kufikira pa Ambulansi: Mbiri ya Thandizo la Mwadzidzidzi mu Lusaka

Kwa aphunzitsi

Nkhani iyi yakonzedwera ana a m'magiredi apamwamba a sukulu za pulaimale. Musanayambe kuwerenga, jambulani pa bolodi mapu a dera la sukulu yanu, muonetsepo kiliniki imene iri pafupi, polisi, msika ndi msewu waukulu. Masukulu a mu Lusaka aonetsenso Burma Road, Nationalist Road ndi Great East Road. Werengani mofatsa, ndipo pakutha pa mutu uliwonse imani pang'ono kuti ana afunse mafunso.

Mdani wa wodwala ndi kucedwa

Ana inu amene mumakhala m'Kabwata, m'Libala kapena m'Chilenje, mwaimvapo ambulansi iri kulira mu Burma Road, magalimoto ena ali kupatukira m'mbali kuti iyo ipite. Enanu mumaima ndi kuiperekeza ndi maso kufikira itakhotera mu Nationalist Road, kuloza ku cipatala cacikulu ca University Teaching Hospital, cimene tonse timangoti UTH. Kodi munayamba mwadzifunsa kuti galimoto imeneyo waiitana ndani? Nanga makolo athu ankatani pamene magalimoto otere kunalibe? Lero tiyang'ana m'mbuyo kuti tione m'mene thandizo la mwadzidzidzi linayambira m'dziko lathu, ndi m'mene liri kugwirira nchito masiku ano.

Pali cinthu cimodzi cimene muyenera kucisunga m'mutu pa nkhani yonseyi. Munthu akavulala kwambiri kapena akadwala modzidzimutsa, cimene cimamupha kawirikawiri ndi kucedwa. Ubongo wa munthu amene waleka kupuma umayamba kuonongeka pakapita mphindi zocepa cabe. Mayi amene ali kutaya magazi ambiri atabereka angathe kumwalira pa maola awiri ngati palibe womuthandiza. Cotero mbiri ya ambulansi ndi mbiri ya anthu amene akhala akuyesetsa kufupikitsa nthawi ya pakati pa ngozi ndi cipatala. Mudzaonanso kuti nchito imeneyi siinakhalepo ya munthu mmodzi. Wodwala amadzera m'manja ambiri asanafike kwa dokotala, ndipo manja oyamba amakhala a munthu wamba amene anali pafupi.

Masiku a macila

Kale, misewu ya magalimoto isanalambulidwe, wodwala wolephera kuyenda ankanyamulidwa pa macila. Amuna ankadula mtengo wautali wowongoka kapena nsungwi yokhwima, namangirirapo nsalu yolimba kapena ukonde wa zingwe, nagonekamo wodwalayo. Awiri ankasenza, wina kutsogolo wina kumbuyo, ndipo ena ankatsatira pambali. Phewa la mmodzi likatopa, mnzake ankamulandira popanda kuimitsa ulendo. Akazi ankanyamula madzi, ufa ndi mphika, pakuti ulendo wa kwa sing'anga wodziwika unkatha tsiku lathunthu, mwina masiku awiri. Panalibe wolipidwa. Aliyense ankadziwa kuti mutu umodzi susenza denga, ndi kuti amene wasenza lero mawa ndiye adzasenzedwa.

M'mabuku anu a mbiri mwawerenga za David Livingstone. Iye anali dokotala, koma m'mwezi wa April mu 1873 matenda anamufooketsa kotero kuti sanathenso kuyenda. Anthu a paulendo wake anamupangira cogonera ca mitengo ndi udzu, namunyamula m'madambo a kufupi ndi nyanja ya Bangweulu kufikira m'mudzi wa mfumu Chitambo, kumene anamwalira kumayambiriro kwa May. Ngakhale dokotala amafuna womunyamula pa tsiku lake.

Macila anali ndi mbiri ina yowawa. Akuluakulu a boma la atsamunda ankayendera midzi atagona m'macila ali bwinobwino, ndipo owasenza anali amuna a m'midzimo, amene kawirikawiri ankatengedwa mowakakamiza. Koma kwa odwala, macila ndiwo anali ambulansi yoyamba ya dziko lino. Pamene amishoni anamanga zipatala, monga ca Mwami pafupi ndi Chipata mu 1927 ndi ca St Francis ku Katete mu 1948, odwala ambiri ankafikako pa macila, pa ngolo ya ng'ombe kapena pa njinga. Mankhwala analipo, koma ambiri ankafika matenda atakula kale, ndipo ena ankatsirizikira m'njira.

Kumene ambulansi inacokera

Tsopano tiyeni tituluke kunja kwa dziko lathu pang'ono, pakuti galimoto imene mumaiona mu Burma Road inabadwira kutali, ndiponso inabadwira ku nkhondo. Liu lakuti ambulansi linacokera ku Cifalansa, ndipo poyamba linkatanthauza cipatala coyenda. M'nkhondo zakale za ku Ulaya, asilikali ovulala ankasiyidwa pansi kufikira nkhondo italeka, mwina usiku wonse. M'zaka za m'ma 1790 dokotala wina wa asilikali a ku France, dzina lake Dominique Jean Larrey, anaona m'mene ngolo za mizinga zinkathamangira, naganiza kuti ovulala nawonso ayenera kukhala ndi ngolo zaliwiro. Anakonza ngolo zopepuka zokokedwa ndi akavalo, zimene zinkatola ovulala nkhondo iri m'kati. Larrey anakhazikitsanso lamulo lakuti woyamba kuthandizidwa akhale amene wavulala koposa, kaya ndi msilikali wamba kaya ndi mkulu wa asilikali. Lamulo limeneli likumbukireni, pakuti tidzalipezanso pa khomo la UTH.

M'caka ca 1859 kunacitika nkhondo yoopsa pa Solferino m'dziko la Italy. Munthu wina wamalonda wa ku Switzerland, Henry Dunant, anapeza ovulala zikwizikwi atagona opanda wowapatsa ngakhale madzi. Iye sanali dokotala, koma anasonkhanitsa akazi a m'tauni yapafupi kuti asambitse zironda ndi kudyetsa ovulalawo, osasankha mbali. Zimenezi ndizo zinabala bungwe la Red Cross mu 1863 mu mzinda wa Geneva. Ku England, bungwe la St John Ambulance linayamba mu 1877 kuphunzitsa anthu wamba, makamaka anchito a m'migodi ndi a pa njanji, thandizo loyamba lopatsa munthu wovulala dokotala asanafike.

Cinatsala ndi njira yoitanira thandizo msanga. Mu 1935 nyumba ina inapsa mu London ndipo akazi asanu anafa. Munthu wina wokhala pafupi anayesa kuimbira foni ozimitsa moto, koma anadikiritsidwa pa mzere pamodzi ndi ofuna kungoceza ndi anzao. Anthu anadandaula kwambiri, ndipo mu 1937 boma la kumeneko linakhazikitsa nambala yaifupi, 999, yoti iziyankhidwa patsogolo pa zina zonse. Motero zinthu zitatu zinakwanira: galimoto yonyamula wodwala, anthu wamba odziwa thandizo loyamba, ndi nambala yoitanira.

Lusaka ndi Kabwata m'nthawi ya atsamunda

Tibwerere kwathu. Lusaka anayamba mu 1905 ngati kamalo kopatukirapo sitima pa njanji yocokera ku Livingstone, ndipo dzina analitenga kwa mfumu ya mudzi wapafupi, Lusaaka. Mu 1935 likulu la Northern Rhodesia linasamutsidwa kucoka ku Livingstone kudza kuno. Okonza mzinda anaika maofesi a boma ndi nyumba za Azungu pa malo okwera a Ridgeway, ndipo anchito acikuda anawamangira malo aoao. Amodzi mwa malo amenewo ndi Kabwata, kumene kunali mizere ya tinyumba tozungulira ta cipinda cimodzi, tofolera ndi udzu. Tinyumba timeneti tinamangidwira amuna odzagwira nchito m'tauni, amene boma linkayembekeza kuti mabanja ao atsala kumudzi. Zambiri mwa nyumbazo zinagwetsedwa pambuyo pa ufulu kuti pamangidwe nyumba zosanja, koma mu 1974 boma linasunga 43, ndipo ndizo mumaziona lero pa Kabwata Cultural Village, pamene amisiri amasema ziboliboli.

Cipatala cimene cinadzakula n'kukhala UTH cinayamba kumangidwa mu 1934 pokonzekera likulu latsopano. Kucokera pa tinyumba ta Kabwata kufika pamenepo ndi mtunda waufupi, woti mwana wa sukulu angayende pansi. Koma m'masiku amenewo zipatala zinali zosankhana mtundu: Azungu kwao, anthu akuda kwao, ndipo zipangizo zabwino zinali ku mbali ya Azungu. Mafoni anali m'maofesi ndi m'nyumba za mabwana. Munthu wa m'Kabwata akadwala usiku, anansi ake ndiwo ankamubereka kumsana kapena kumukhazika pa njinga, wina ali kukankha wina ali kumugwiririra. Mwambo wa macila unalowa m'tauni pamodzi ndi anthu ake.

Ufulu ndi madokotala a m'ndeke

Dziko lathu linalandira ufulu pa 24 October 1964. Nthawi imeneyo madokotala obadwira m'dziko muno anali owerengeka pa zala. Boma la Pulezidenti Kenneth Kaunda linathetsa tsankho m'zipatala, linalamula kuti anthu aziciritsidwa kwaulere, ndipo linayamba kumanga makiliniki m'maboma onse. Mu 1966 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Zambia Red Cross Society, imene kale inali nthambi cabe ya bungwe la ku Britain. M'caka comweco University of Zambia inatsegulidwa. Sukulu yake ya udokotala inakhazikitsidwa ku Ridgeway, pafupi ndi cipatala, ndipo madokotala oyamba anatsiriza maphunziro ao mu 1973. Ndico cifukwa cake cipatalaco cimadziwika kuti ndi cophunzitsira.

Koma Zambia ndi dziko lalikulu, ndipo m'nyengo ya mvula midzi yambiri simafikika ndi galimoto. Dokotala wina, James Lawless, anaganiza zotsanzira zimene mbusa John Flynn anayambitsa ku Australia mu 1928, ndiko kutumiza dokotala pa ndeke. Nchitoyi inayamba mu 1965, ndipo mu 1967 lamulo linakhazikitsa Zambia Flying Doctor Service, imene likulu lake liri ku Ndola kufikira lero. M'makiliniki akutali munaikidwa mawailesi olankhulirana. Wodwala akafika ali woipa, wanchito wa pa kiliniki ankaitana ku Ndola, ndeke n'kunyamuka. Ulendo umene pa macila ukadatha sabata unkatha ola limodzi kapena awiri. Komabe ndeke siikanatera popanda bwalo losalazidwa, ndipo wodwala sakanafika pa bwalopo popanda abale omunyamula kucokera kumudzi.

Ku migodi nako kunali magulu a anchito ophunzitsidwa kupulumutsa anzao pansi pa nthaka. Pa 25 September 1970 matope ndi madzi zinagumukira mu mgodi wa Mufulira, ndipo anchito 89 anafa. Limeneli ndi tsoka lalikulu koposa m'mbiri ya migodi yathu. Dziko linaphunzira kuti opulumutsa anthu ayenera kukonzekera ngozi isanagwe, pakuti akulu anati tsoka silinunkha.

Zaka zovuta

Kuyambira mu 1975 cuma ca dziko cinalowa pansi. Mtengo wa mkuwa, umene timagulitsa kunja, unatsika, pamene mtengo wa mafuta a galimoto unakwera. Ambulansi imafuna petulo, matayala ndi zitsulo zosinthira, ndipo zonsezi zinkagulidwa kunja. M'zipatala zambiri magalimoto anaima pa miyala kuseri kwa nyumba, odwala nabwerera ku njinga, ku ngolo ndi ku wilibala.

Pa nthawi yomweyo mzinda wa Lusaka unali kukula mofulumira. Kalembera wa 2022 anapeza kuti m'boma la Lusaka muli anthu oposa 2 miliyoni. Ambiri a iwo amakhala m'makomboni monga Kanyama, Chawama ndi Misisi, m'mene njira zambiri ndi zopapatiza, ziribe maina, ndipo zimadzala madzi m'dzinja. Kwa zaka zambiri aliyense wodwala kwambiri ankathamangira ku UTH, kotero kuti cipatala cinkadzaza, wa cimfine ndi wothyoka mwendo ali pa mzere umodzi.

Mankhwala a bvuto limeneli anali kubweretsa thandizo pafupi ndi anthu. Mu 1978 maiko anasonkhana mu mzinda wa Alma-Ata, nagwirizana kuti cisamaliro coyamba ca umoyo ciyenera kupezeka kumene anthu amakhala, ndipo Zambia inatsatira njira imeneyi. Mu Lusaka zipatso zake zinaoneka bwino pambuyo pa zaka zambiri. Mu 2011 cipatala cina cacikulu cinatsegulidwa mu Great East Road, cimene lero ciri ndi dzina la Pulezidenti Levy Mwanawasa, ndipo anthu a ku Chelstone ndi madera a kum'mawa analeka kudutsa mzinda wonse pofuna thandizo. Pambuyo pake makiliniki a Chilenje, Matero, Kanyama, Chawama ndi a m'komboni ya Chipata anakuzidwa ndi thandizo la dziko la Japan, nakhala zipatala zokhoza kucita opareshoni. Mafoni a m'manja, amene anayamba kufala cakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anathetsa bvuto la m'masiku a atsamunda. Lero pafupifupi nyumba iriyonse ingathe kuitana thandizo.

M'mene nchitoyi imayendera lero

Zipatala za boma zinasanjidwa ngati makwerero. Pansi pali makiliniki a m'madera, monga ya Kabwata ndi ya Chelstone. Pamwamba pake pali zipatala zoyamba, monga ca Chilenje. Pamwamba penipeni pali UTH ndi Levy Mwanawasa, kumene kuli madokotala a ukatswiri wosiyanasiyana. Asilikali ali ndi cipatala cao ca Maina Soko ku Woodlands.

Tiyerekeze kuti kamwana ka m'Kabwata kagwetsa mphika wa phala lotentha pa mbaula, ndipo kapsa pa cifuwa ndi pamimba. Amai ake akathira madzi ozizira, nathamanga nako ku kiliniki. Namwino aona kuti cironda ndi cacikulu, copitirira mphamvu za kiliniki. Aika diripi, aphimba cironda, alemba kalata yofotokoza zimene waona ndi mankhwala amene wapereka, kenaka aimba foni kuitanitsa ambulansi. M'galimotomo muli kabedi konyamulira wodwala, botolo la mpweya wa okosijeni, mabandeji ndi mankhwala ena, ndipo namwino amakhala pambali pa mwanayo ulendo wonse. Imeneyi ndiyo nchito yaikulu ya maambulansi a boma m'dziko lathu: kucotsa wodwala pa khwerero lapansi ndi kumufikitsa pa lapamwamba. Amai oyembekezera amene ubereki wawavuta ndiwo amanyamulidwa kawirikawiri.

Pa khomo la cipatala cacikulu wodwala amakumana ndi lamulo la Larrey lija. Namwino amayeza kapumidwe, kugunda kwa mtima ndi kutentha kwa thupi, nasankha amene ayenera kulowa msanga. Wosapuma bwino kapena wotaya magazi amalowa nthawi yomweyo. Wothyoka dzanja amadikira pang'ono, ndipo wa cifuwa wamba amadikira koposa. Cotero mukadzaona munthu wobwera pambuyo panu ali kulowa patsogolo, musadandaule kuti pali kukondera. Moyo wake uli pa ngozi kuposa wanu. Ngati wodwala afunika magazi, amacokera ku Zambia National Blood Transfusion Service, ndipo ambiri mwa amene amapereka magaziwo ndi akulu anu a ku sekondale ndi ku makoleji.

Nanga ngozi ikagwa pa msewu kapena panyumba? Nambala zoitanira thandizo ndi izi: 991 ya apolisi, 992 ya ambulansi, 993 ya ozimitsa moto, ndi 999 ya ngozi iriyonse. Ozimitsa moto ali pansi pa khonsolo ya mzinda, ndipo kuwonjezera pa kuzima moto amadula zitsulo za galimoto kuti atulutse opanikizika m'kati. Bungwe la Road Transport and Safety Agency, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2002, limayang'anira citetezo ca pa misewu. Palinso maambulansi a makampani ndi a zipatala zolipira, amene amathandiza okhoza kulipira kapena okhala ndi inshuwalansi, monga ambiri a ku Kabulonga ndi Woodlands.

Tiyenera kunena zoona, ana inu. Maambulansi ndi ocepa poyerekeza ndi unyinji wa anthu, ndipo m'mawa ndi madzulo misewu ya Lusaka imathinana. Ovulala ambiri amafika ku UTH pa takisi, pa minibasi, pa galimoto ya apolisi kapena ya munthu wacifundo wodutsa m'njira. M'misewu yaikulu ya kunja kwa mzinda mtunda umatalika koposa. Pa 7 February 2013 basi yocokera ku Ndola kudza ku Lusaka inagundana ndi lole pafupi ndi Chibombo, ndipo anthu oposa 50 anafa. Pa ngozi zotere oyamba kufika ndi anthu a m'midzi yapafupi ndi apaulendo anzao, ndipo zimene iwo acita pa mphindi zoyamba zingathe kupulumutsa munthu kapena kumupweteka koposa.

Pali nthawi zina pamene odwala amacuruka kuposa mabedi a zipatala zonse. Kolera inabuka mu Lusaka mu October 2017, ndiponso mu October 2023. Pa miliri iwiri yonseyi bwalo la mpira la National Heroes Stadium linasandutsidwa cipatala, masukulu anacedwa kutsegulidwa, ndipo maambulansi ankapita uku ndi uku usana ndi usiku. Pa tsoka lalikulu lotere Unduna wa Zaumoyo umagwirizana ndi asilikali, a Red Cross ndi nthambi yoona za masoka ya mu ofesi ya waciwiri kwa Pulezidenti. Koma kolera imatha madzi m'thupi pa maola ocepa, ndipo amene anali ndi mwai waukulu wocira ndi aja amene abale ao anayamba kuwamwetsa madzi a moyo kunyumba, nawatengera ku cipatala osazengereza.

Kucedwa kutatu

Mu 1994 akatswiri awiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, anafufuza cifukwa cimene amai ambiri a m'maiko osauka amafera pobereka. Anapeza kuti pali kucedwa kwa mitundu itatu. Koyamba ndi kwa panyumba, pamene banja liri kukambirana ngati apite ku cipatala, kapena liri kudikira bambo kuti abwere ku nchito. Kwaciwiri ndi kwa m'njira. Kwacitatu ndi kwa pa cipatala, ngati palibe dokotala, magazi kapena mankhwala. Ambulansi imacepetsa kucedwa kwa m'njira kokha. Kwa pa cipatala ndi udindo wa boma. Kwa panyumba kuli m'manja mwa ife eni.

Anthu a ku Serenje anaonetsa zimenezi poyera. Mu 2017 midzi ina ya kumeneko inalandira njinga zokoka kangolo kokhala ndi matiresi ndi denga la tenti. Anthu odzipereka anaphunzitsidwa kuzindikira zizindikiro za malungo aakulu mwa ana, kupereka mankhwala oyamba, ndi kupalasa njingayo kufikira ku kiliniki, usana kapena usiku. Imfa za ana zinacepa kwambiri m'midzi imeneyo. Dera limeneli liri pafupi ndi kwa Chitambo, kumene Livingstone ananyamulidwa zaka 144 m'mbuyo mwake. Macila anapatsidwa mawilo, koma osenza ndi omwe aja, anthu a m'mudzi.

Mbali yanu

Tsono inu muli pati m'nkhani imeneyi? Mwana wa sukulu sangacite opareshoni, koma angathe kukhala woyamba kusenza. Mukaona ngozi, yambani mwaona ngati inu eni muli pabwino, kutali ndi moto, magalimoto ndi nthambo za magetsi. Itanani munthu wamkulu mofuula. Ngati muimba foni, lankhulani mofatsa, ndipo nenani zinthu zitatu: kumene muli, cimene cacitika, ndi ciwerengero ca ovulala. Popeza nyumba zambiri ziribe manambala ooneka, chulani cizindikiro codziwika, monga msika wa Kabwata, chalichi kapena sukulu, ndipo wina akaime pa msewu waukulu kuti alondolere dalaivala.

Munthu akamataya magazi, psinjani pa cironda ndi nsalu yoyera osaleka, mutavala pulasitiki m'manja kuti magazi asakukhudzeni. Wopsa ndi moto kapena madzi otentha muthireni madzi ozizira kwa mphindi 20, ndipo musapakepo mafuta, dzira kapena mankhwala otsukira mano. Wogundidwa ndi galimoto amene ali kumva kuwawa m'khosi kapena kumsana musamukoke ndiponso musamukhazike tsonga, pokhapokha pamalopo pali ngozi ina, pakuti fupa la msana likasuntha angathe kupuwala moyo wake wonse. Wokomoka amene ali kupuma mugonekeni cammbali, ndipo musamumwetse kanthu. Wogwa khunyu musamuike supuni m'kamwa. Mucotsereni zinthu zimene zingamupweteke, ndipo dziwani kuti khunyu siipatsirana.

Pali zinthu ziwiri zimene mwana wolemekezeka sacita. Coyamba ndi kuunjirira wovulala kapena kumujambula pa foni. Iye ndi kholo kapena mwana wa wina, ndipo afunika mpweya ndi ulemu. Caciwiri ndi kuimba nambala za ngozi mwa masewera. Pamene inu muli kuseka, wina amene nyumba yake iri kupsa ali kudikira pa mzere, monga munthu wa ku London uja mu 1935. Ndipo ambulansi ikamalira, musathamangire kudutsa msewu. Mukakhala m'galimoto, kumbutsani woyendetsa mwaulemu kuti apatuke.

Mu 2019 maiko a m'bungwe la World Health Organization anagwirizana kuti thandizo la mwadzidzidzi liyenera kufikira munthu aliyense, wolemera ndi wosauka. Dziko lathu likali ndi ulendo wautali kuti lifike pamenepo. Lifunika maambulansi ambiri, misewu yabwino m'makomboni, ndi anchito ophunzira kuciritsa wodwala m'galimoto momwemo. Ena mwa inu mudzakhala anamwino, madokotala, madalaivala a ambulansi ndi oyendetsa ndeke za ku Ndola. Koma simufunika kudikira kufikira mutakula. Makolo athu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Lowezani nambala zija lero lomwe, ndipo madzulo ano mukaziphunzitse ang'ono anu kunyumba.

Mafunso

1. Kodi onyamula macila ankacita ciani kuti ulendo usaime?
2. Ndi lamulo lotani limene Dominique Jean Larrey anakhazikitsa, ndipo limagwira bwanji nchito m'zipatala zathu lero?
3. Cifukwa ciani anthu a m'Kabwata ankavutika kupeza thandizo m'nthawi ya atsamunda, ngakhale cipatala cinali pafupi?
4. Kodi likulu la Zambia Flying Doctor Service liri kuti, ndipo lamulo lake linakhazikitsidwa m'caka citi?
5. Chulani mitundu itatu ya kucedwa. Ndi uti umene banja lingathe kuucepetsa?

Zocita

Ana alembe nambala 991, 992, 993 ndi 999 pa cikuto ca buku lao, pamodzi ndi nambala ya kiliniki imene iri pafupi ndi sukulu. Awiriawiri ayeseze kuitana thandizo, wina akhale woimba foni, wina wolandira, ndipo woimbayo alondolere njira yofikira kunyumba kwao. Aliyense akafunse agogo kapena munthu wacikulire m'mene odwala ankapitira ku cipatala iye ali mwana, ndipo adzafotokozere anzake m'kalasi. Aphunzitsi amene angathe aitane namwino wa pa kiliniki kapena wa Red Cross kuti adzaonetse ana kamangidwe ka bandeji ndi kagonekedwe ka munthu wokomoka.